Makampani a intaneti aleke kutsamwitsa ogawana mafayilo

Kampani yopereka intaneti ikamachedwetsa dala makasitomala ake chifukwa choti akugawana mafayilo, imalanga anthu osalakwa. Vuto lili pa mmene mapulogalamu monga BitTorrent amasankhira kotenga fayilo. Pulogalamuyi, yomwe Bram Cohen anaitulutsa mu 2001, imaduladula fayilo m'tizidutswa, ndipo aliyense amene akulandira amaperekanso tizidutswa take kwa ena. Koma payokha sidziwa kuti kompyuta iyi ili m'tauni momwemo, inayo ili kutsidya kwa nyanja. Zili ngati kukapala moto kumudzi wachitatu pamene kwa neba utsi ukufuka. Ulendo wautaliwo ndi umene umadyera kampani ndalama, pakuti njira zotulukira kunja kwa netiweki yake zimalipiridwa.

Kampani ya Comcast ku America inasankha nkhanza. Mu 2007 inkatumiza mauthenga abodza kwa makompyuta awiri olumikizana, iliyonse n'kumaona ngati inzake yadula kulumikizanako. Atolankhani a Associated Press ataziyesa anaulula, ndipo mu 2008 bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la FCC linagamula kuti Comcast yalakwa. Chaka chomwecho akatswiri a ku Yale University, mogwirizana ndi Verizon ndi Pando Networks, anayesa njira yotchedwa P4P: kampani imauza pulogalamu kuti ndi makompyuta ati ali pafupi, pulogalamuyo n'kuyamba kutenga kwa amenewo. Mafayilo anafika msanga, deta yodutsa kunja inachepa. Ngakhale Comcast yomweyo inayesa nawo njirayi, ndipo mu 2014 bungwe lokonza ndondomeko za intaneti la IETF linakhazikitsa ndondomeko ya ALTO yochokera pa ganizo lomweli.

Ena amati kutero n'kuthandiza akuba mafilimu ndi nyimbo. Koma kutsamwitsa sikusankha. Kumapweteka wakuba pamodzi ndi mwana wasukulu amene akutenga pulogalamu ya Ubuntu, yomwe eni ake amaigawa mwaufulu kudzera m'njira yomweyi. Microsoft nayo imalola makompyuta a Windows 10 kupatsana zokonza zatsopano okhaokha. Wakuba ali ndi khoti lomuyembekeza. Waya si woweruza.

Dandaulo lomveka ndi lakuti kampani ikakhala mlozanjira ikhoza kulozera kumene ikupindula yokha. Mantha amenewa ndi oona, n'chifukwa chake malangizowo akhale poyera, asonyeze zigawo za netiweki osati mayina a anthu, ndipo pulogalamu ikhale ndi ufulu wowakana ikaona kuti njira yolozedwayo ikuchedwa.

Kuno ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, chifukwa tilibe gombe la nyanja yamchere ndipo intaneti yathu yakunja imadzera m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique isanafike pa mawaya a pansi pa nyanja. Fayilo imene ili kale pa kompyuta ku Ndirande isamachoke ku London kuti ifike ku Chilomoni. Makampani athu alumikizane mokwanira kuno komwe, ndipo auze mapulogalamu kuti ndi makompyuta ati ali pafupi.