Kalata kwa Nduna ya Zachuma: zakale zathu zibwerere kwawo popanda msonkho

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikusonkhanitsa masitampa ndi makobidi akale a dziko lino. Chandilembetsa kalatayi ndi msonkho umene timalipira tikagula zinthuzi kunja.

Bwana, zambiri mwa izo sizili kuno. Masitampa oyamba a 1891, aja anangodindapo zilembo za B.C.A., anapita ku Ulaya atamatidwa pa makalata a azungu a mishoni ndi a minda ya khofi. Makalatawo ankanyamulidwa ndi agogo athu, amtengatenga, akuyenda wapansi m'tchire la mikango. Lero masitampawo ali m'manja mwa amalonda a ku London. Ngakhale shilingi ya 1964 yokhala ndi chimanga ija, kapena sikisipensi ya tambala, mukaifuna yosafufutika muipeza msanga pa eBay kusiyana ndi mu Limbe.

Chaka chatha ndinagula envulopu ya nthawi ya Nyasaland. Mapaundi ake anali owawa kale, poti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Itafika, msonkho anauwerengera pa mtengo wogulira kuphatikiza ndalama yotumizira, VAT n'kukhala pamwamba pake. Kalaliki amene anandithandiza sanalakwe, anatsata zimene anapatsidwa. Koma mtima unandipweteka kuona kalata yochokera ku Zomba ikulipitsidwa pobwerera kwawo ngati belo la kaunjika.

Ku Britain, masitampa ndi makobidi otere akamalowa m'dzikomo amalipira VAT ya 5 peresenti yokha, pomwe katundu wamba amalipira 20. Iwo amakopa zakale kuti zibwere, kuphatikizapo zathuzi.

Pempho langa ndi ili: mu bajeti ikudzayi, lembani poyera kuti chinthu cha mbiri ya Malawi chilowe popanda msonkho uliwonse. Sikovuta kuchizindikira. M'buku la kasitomu la dziko lonse lapansi, masitampa, makobidi ndi zinthu zoposa zaka 100 zili kale ndi mutu wakewake, wa 97. Wofuna kuzembetsa malonda sangabise mafoni m'sitampa.

Envulopu ija ndikufuna kuipereka ku nyumba yosungira mbiri ya amtengatenga pa Namaka, kuti ana a sukulu akaione ndi maso. Wogulitsa uja anali ndi ina, yodindidwa ku Karonga. Nditawerengera msonkho wake ndinaisiya, ndipo inagulidwa ndi munthu wina wakunja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Zomba