Tsitsi la paukwati latiyambanitsa



Ndine mayi wa zaka 24 ndipo ndimakhala kwa Khombedza m'boma la Salima. Ine ndi amuna anga tidalowana pachinkhoswe zaka zisanu zapitazo ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi. Mwezi wa Okutobala tikukadalitsa ukwati wathu kutchalitchi.

Vuto langa ndi tsitsi. Langali si lalifupi komanso si lalitali kwenikweni, ndikalikoka limafika m'mapewa. Alamu anga aakazi omwe amakhala ku Lilongwe akuti mkwatibwi sangaime kutsogolo ndi mutu wakumudzi, ndiye ndikalukitse mesh yaing'onoing'ono yofika m'chiuno. Akutinso mwanayu timuike mankhwala owongola tsitsi poti ndiye adzanyamule maluwa. Amuna anga atamva mtengo wake adakalipa, amvekere ndalama imeneyo bola kugula chimanga, ine ndingometa mpala n'kuvala wigi yobwereka.

Chomwe sindidauze munthu n'choti chimasulireni mesh ya pa Khrisimasi, tsitsi la pamphumi ndi la m'mbali mwa makutu likuthothoka moti ndimangokhalira duku. Ndikakana, alamu anga ati ndine wamwano. Ndikavomera, m'nyumba simudyeka nsima. Nditani Azakhali?

Ine wothedwa nzeru,
Khombedza, Salima

Zikomo mwana wanga,

Ndiyambe ndi zomwe wabisa m'dukumo chifukwa yankho lako lili momwemo. Tsitsi likamathothoka pamphumi ndi m'mbali munthu atangomasula mesh, kawirikawiri ndiye kuti lidakokedwa mopyola muyeso. Madokotala a khungu vutoli amalitcha traction alopecia. Tsitsi la m'mphepete mwa mutu ndi lanthete, ndipo woluka akalimangirira ku mesh yolemera mizu yake imatopa n'kuyamba kuzuka.

Takumbukira tsiku lomwe udalukitsalo. Kodi usiku udagona bwino? Kodi m'mizere simudatuluke timatuza? Amayi ambiri amangomwa panado n'kumati kukongola n'kupirira. Limenelo ndi bodza. Ululu umenewo ndi mutu ukukuuza kuti masula. Ukasiya kukoka msanga, tsitsi limameranso. Koma ukachita khama chaka ndi chaka, mizu imafa, pamatsala dazi losalala ndipo palibe mafuta a m'sitolo amene angalimeretse.

Choncho mesh yofika m'chiuno iwale kaye chaka chino. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye masabata omwe atsalawa ndi oti mutu wako upume.

Tsono usadere nkhawa, tsitsi lofika m'mapewa ndi lokwanira kukonza mutu wa mkwatibwi popanda kuwonjezera zambiri. Ndikupatsa njira zitatu, usankhepo wekha.

Yoyamba ndi mizere yokulirapo, isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, yoyambira m'mbali ndi kutsogolo n'kukakumana kumbuyo kwa mutu. Nsonga zake azipinde zikhale kampukutu n'kugwiritsa ndi mapini. Pamenepo velo imakhala bwino osaterereka ngakhale uvine pelekanipelekani yense.

Yachiwiri ndiyo ndikuona kuti ikuyenera kwambiri iweyo. Gawa tsitsi chapambali, osati pakati. Mbali iliyonse alipote kapena kuliluka chingwe chimodzi chachikulu chofewa, chizungulire mutu ngati nkhata, ziwirizo zikakumane kunkhongo. Ubwino wake n'ngoti tsitsi lakutsogolo limangogonekedwa pamphumi osakokedwa, ndipo limaphimba pomwe pathothokapo.

Yachitatu ndi ya agogo athu. Kutatsala masiku awiri kapena atatu, manga tsitsi ndi ulusi wakuda, osalimbitsa kumizu. Ukamasula m'mawa wa ukwati ulipeza lawongoka ndi kutalika popanda moto kapena mankhwala. Lipese mofatsa, ulikulunge kunkhongo, ubayepo kaduwa. Ngati ukufuna kuti mpukutuwo uoneke wodzadza, kachidutswa kamodzi ka mesh n'kokwana, akakulunge pampukutu pomwepo osakamangirira kumizu.

Waona kuti njira zonsezi ndikuika mpukutu kumbuyo, osati paliwombo. Ukwati ukatha Loweruka, Lolemba ubwerera kumjigo. Mpukutu wa pamwamba sugwirizana ndi nkhata ndi ndowa, ndipo ukauthinikiza tsiku ndi tsiku tsitsi limaduka pomwepo. Komanso alamu akowo aiwala kutentha kwa kunyanja mu Okutobala. Mesh yofika m'chiuno nthawi imeneyo kwa Khombedza ili ngati kufunda bulangete masana. Thukuta likaunjikana m'mutu, kuyabwa ndi fungo sizichedwa.

Woluka wako, kaya ndi wa pamsika kwanuko kaya wa ku saluni pa Kamuzu Road, umuonetse mphumi wako asadayambe. Umuuze asiye titsitsi tam'mphepete, asatitole. Akakoka, lankhula nthawi yomweyo, usachite manyazi, ndalama ndi yako ndipo mutu ndi wako. Muyeserere kutatsala sabata ziwiri kuti uone ngati zikukukhala. Choluka chilichonse chisapitirire masabata asanu ndi limodzi, ukachedwetsa asanu ndi atatu. Uzichapa m'mutu, uziumitsa bwino, n'kudzola mafuta pang'ono. A nsatsi amafewetsa tsitsi, koma usawayese mankhwala a dazi. Dukunso usamalimange mothina pamalo omwe pathothokapo.

Ukaona kuti pothothokapo m'pozungulira, pali mamba oyera ndipo pakuyabwa, kapena pakutuluka mafinya, chimenecho chingakhale chipere. Pita kuchipatala cha Khombedza kapena chachikulu cha boma ku Salima. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sachithetsa, ndipo chimapatsirana kudzera m'chipeso, pilo ndi mipango. Pachifukwa chomwechi wigi yobwereka sindikuivomera.

Za mwanayo ndiyankha mwachidule: ayi. Mankhwala owongola tsitsi ndi aukali, amawotcha khungu la akuluakulu, nanji la mwana wa zaka zinayi yemwe sangakhale phee. Ngakhale kwa ife amayi pali pofunika kusamala. Mu 2022 bungwe la boma la America lofufuza za umoyo la National Institutes of Health lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000. Lidapeza kuti omwe ankawongola tsitsi ndi mankhwala koposa kanayi pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mochuluka kuposa omwe sankagwiritsa ntchito. Sikuti aliyense woika mankhwala adwala, koma mwana wamng'ono timuyambitsirenji zimenezi chifukwa cha tsiku limodzi? Mulukeni timizere tofewa, mumange riboni yofanana ndi diresi lake. Mikanda yambiri yolemera ayinso. Makolo nonse dziwani kuti mwana akamalira polukidwa sikuti n'kupusa, ndiye kuti zikumupweteka.

Tibwere kwa bambo akunyumba. Pa za chimanga akunena zoona, koma pokuuza kuti umete mpala adalankhula ndi mkwiyo. Nawenso udalakwa kuwabisira. Munthu amene ukukalumbira naye pamaso pa mpingo sungamubisire mphumi. Usiku uno mwana akagona, vula dukulo uwaonetse, uwauze zomwe wasankha ndi ndalama yochepa yomwe ifunike. Ndipo inu bambo ngati mukuwerenga, alongo anuwo ndi anu, owayankha ndinu. Musasiye mkazi wanu alimbane nawo yekha kenako n'kutchedwa wamwano.

Alamu akowo usawanyoze, akufuna banja lawo lioneke bwino. Uwathokoze, uwauze kuti m'mutu mwako muli vuto lofuna kupuma, ndipo ngati ali ndi mtima wothandiza akugulire velo, mapini ndi riboni ya mwana ku Lilongweko. Akaumirira, ankhoswe alipo, ntchito yawo ndi imeneyi. Akulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mesh yaitaliyo idzakoma pachithunzi, koma pomasula alamu akowo adzakhala atabwerera kale kutauni.

Ndikufunira ukwati wabwino mwana wanga. Ukatha udzandilembere, undiuze kuti udasankha iti mwa zitatuzi komanso ngati pamphumi payamba kumera.

Azakhali