NDEMANGA: Wosewera Aweruzidwe ndi Phazi Lake

M'chaka cha 1981 timu ya Nottingham Forest ya ku England idagula mnyamata wa zaka 20, Justin Fashanu, kuchokera ku Norwich City pa mtengo wa mapaundi 1 miliyoni. Adali wosewera wachikuda woyamba ku Britain kugulidwa pa mtengo wotere. Mu 1980 chigoli chomwe adamwetsa Liverpool chidasankhidwa ndi BBC kukhala chopambana zonse. Aliyense wodziwa mpira ankati mnyamatayu apita patali.

Koma zidavuta. Mphunzitsi wa Forest, Brian Clough, atamva kuti Fashanu amacheza kumalo kumene kumasonkhana amuna okondana ndi amuna anzawo, adamuletsa kukonzekera masewero pamodzi ndi anzake. Pakutha pa 1982 adali atamugulitsa ku Notts County pa mapaundi 150,000 okha. N'zoona kuti ku Forest zigoli zidamusowa, ndipo pambuyo pake adavulala bondo. Koma ndani angasewere bwino pamene mphunzitsi wake yemwe ndiye akutsogolera kumunyoza?

Mu Okutobala 1990 Fashanu adaulula m'nyuzipepala ya The Sun kuti amakondana ndi amuna anzake, zomwe palibe wosewera mpira wolipidwa ku Britain adachitapo. Ochemerera adamukuwiza. Mng'ono wake John, yemwenso adali katswiri wa mpira, adamukana poyera. Mu 1998 mnyamata wa zaka 17 wa ku Maryland, ku America, adamunenera mlandu womugwirira. Fashanu adathawira ku London komwe adadzipha mu Meyi chaka chomwecho, ali ndi zaka 37. M'kalata yomwe adasiya adaukana mlanduwo, nati samayembekeza kuweruzidwa mwachilungamo chifukwa cha mmene adalili. Mlanduwo sitikuubisa, ndipo sitingaugamule ife. Chomwe tikunena n'choti chitonzo chidayamba kale, iye asanaganiziridwe mlandu uliwonse.

Kuchokera 1990 padapita zaka zoposa 31 kuti wosewera wina wamwamuna wolipidwa ku Britain alankhule akadali pabwalo. Ameneyu ndi Jake Daniels wa timu ya Blackpool, yemwe adatero mu Meyi 2022 ali ndi zaka 17. Kodi tinene kuti mwa anyamata zikwizikwi amene adasewera m'zaka zonsezo mudalibe ndi mmodzi yemwe? Ayi. Adaona zomwe zidagwera mnzawo, nasunga pakamwa. Thomas Hitzlsperger, amene adasewerera dziko la Germany ndi timu ya Aston Villa, adadikira kupuma mpira ndipo adaulula mu 2014.

Ngakhale lamulo labwino palokha silikwanira. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 amaletsa kusala munthu pa chifukwa chimenechi, komabe mu 2008 Eudy Simelane, yemwe adasewerera timu ya amayi ya Banyana Banyana ndipo samabisa kuti amakondana ndi akazi anzake, adagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema.

Kwathu kuno zinthu n'zothina koposa. Lamulo limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo mu 2024 bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko lidakana kulichotsa. Choncho tikamva wina akuti m'matimu athu mulibe anthu otere, timufunse kuti: akadakhalamo, akadanena?

Tikudziwa kuti ambiri mwa inu, owerenga athu, nkhaniyi ikukuwawani m'makutu chifukwa cha chipembedzo ndi chikhalidwe. Sitikukupemphani kusiya chikhulupiriro chanu. Tikungokukumbutsani kuti ufulu umene Amalawi adavotera pa 14 Juni 1993 sudali wa okhawo amene timagwirizana nawo. Inu amene mudakhala zaka ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London chifukwa choopa kulankhula kwanu kuno, mukudziwa kupweteka kwa moyo woyang'ana kumbuyo usanatsekule pakamwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife tikupempha zinthu zitatu. Aphunzitsi asankhe timu poona luso ndi khama, osati manong'onong'o a m'misika. Mabungwe oyendetsa masewero alange ochemerera otukwana wosewera pa nkhani imeneyi monga momwe amalangira oponya miyala ndi osankhana mitundu. Ndipo ife atolankhani tisamaulule chinsinsi cha munthu pofuna kugulitsa nyuzipepala. Mwini wake ndiye adziwe nthawi yolankhula, kapena kusalankhula kumene.

Mu 2020 nyumba yosunga mbiri ya mpira ku England, National Football Museum, idaika dzina la Justin Fashanu m'gulu la akatswiri olemekezeka. Ulemuwo udabwera mwini wake atagona m'manda zaka pafupifupi 22. Amene akusewera lero tiwalemekeze akadali moyo.