Kale tinkabisa anthu, lero tikuwabereka m'buku

Sabata yathayi ndinali kwathu ku Wimbe kukakhuza maliro. Usiku pa siwa, nyimbo zitazilala, nkhani inafika pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo. Mkulu wina anadandaula kuti mudzi wawo ndi waukulu koma m'buku munalowa maina ochepa, pomwe kamudzi kena ka kutsidya, koti nyumba zake mungaziwerenge ndi zala, m'bukumo kakuoneka ngati tawuni ya Kasungu.

Ine ndinaseka. Si kuti n'zoseketsa ayi, koma matendawa ndi akale, angotembenuka basi.

Atsamunda atafuna kudziwa kuti tilipo angati mu 1901 ndi mu 1911, sanavutike kulowa m'midzi kukawerenga mitu. Anangotsegula mabuku a msonkho wa nyumba, uja unayamba nthawi ya Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890. Anawerenga nyumba za m'mabukumo, n'kuchulukitsa ndi nambala imene iwo ankaganiza kuti ndiyo ya anthu ogona m'nyumba imodzi. Mu 1911 masamuwo anawauza kuti anthu akuda mu Nyasaland alipo 969,183. Taonani ka 183 kakumapetoko! Ngati kuti anatigwira pamutu mmodzimmodzi.

Tsono tandiuzeni, nyumba ya Mchewa mumagona anthu angati? Mwamuna wa mitala ali ndi nyumba ziwiri kapena zitatu, koma iye ndi mmodzi. Anyamata akugona ku mphala, atsikana ku kuka kwa agogo. Mkamwini dzina lake lili kwa akazi ake, koma mwina kwawonso sanamufufute. Nanga amene anapita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, monga anachitira Kamuzu pochoka kuno ku Kasungu wapansi ali mnyamata, tiwaike mbali iti? Ena anabwerako, ena anasanduka matchona.

Ndiye panali mantha. Malemu agogo ankatisimbira kuti akangomva kuti amesenjala a bwana DC ali m'njira, amuna ankathawira kuthengo, mudzi n'kutsala wa amayi, ana ndi nkhuku. Wolephera msonkho ankatha kumuotchera nyumba kapena kumugwirira mkazi. Munthu wanzeru angakadzilembetse yekha m'buku lotere? Choncho buku la msonkho silinkaonetsa anthu amene analipo. Linkaonetsa amene anagwidwa.

Musaganize kuti masamu oterewa ndi athu okha. Ku Scotland, kwawo kwa amishoni a Livingstonia, komwenso Kamuzu anakaphunzira udokotala ku Edinburgh, mu 1691 boma linakhometsa msonkho pa malo alionse osonkhapo moto m'nyumba. Tingoti msonkho wa mafuwa. Akatswiri a mbiri yakale akafuna kudziwa kukula kwa matawuni a nthawi imeneyo, amawerenga mafuwawo n'kuchulukitsa, ndipo mutu umawawawa ngati ife. Wolemera mmodzi anali ndi malo a moto angapo, pomwe amphawi odalira chithandizo sankalipira. Ukangosintha pang'ono nambala yochulukitsira, tawuni yafufuma kapena yaphwa ngati chubu.

Kuno kwathu kalembera weniweni, woyenda khomo ndi khomo, anadza mu 1966 titalandira ufulu, ndipo anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Wa mu 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Kalembera yekhayo ine ndilibe naye mlandu. Vuto ndi lakuti amabwera kamodzi pa zaka khumi, pomwe feteleza, chimanga cha njala ndi mijigo zimagawidwa chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri poyambira pake ndi buku la amfumu.

Apa ndiye pamene zinthu zinatembenukira. Kale dzina m'buku linali ngongole, anthu ankalibisa. Lero dzina m'buku ndi thumba la feteleza, ndiye anthu akuberekana pa pepala. Midzi ikugawikana ngati mipingo, aliyense akufuna unyakwawa. Malemu ena amene tinawaika ndi manja athuwa akadalimabe m'mabukumo, eti!

Koma amene amandimvetsa chisoni ndi matenanti a m'maesiteti a fodya otizungulirawa. Ambiri anachokera kutali, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe. Kwawo akuti anachoka, kuno akuti ndi obwera. Ana awo akudzaza makalasi, amayi awo ali pa mzere ku chipatala, madzi tikutunga nawo pa mjigo umodzi, koma nthawi yogawa ikafika dzina lawo silioneka. Amene anakumana ndi njala ya 2001 mpaka 2002, imene inasautsa Kasungu koopsa, akudziwa chimene chimachitikira munthu wopanda dzina m'buku.

Ndinafunsa mkulu uja ngati angalole kuti mabuku a midzi yonse awerengedwe poyera pa bwalo, dzina ndi dzina, mwini wake n'kumaimirira. Anayamba wasonkhezera moto. Kenaka anati ndi nzeru yabwino kwambiri, bola tiyambire mudzi wa kutsidya uja.