Makina Nawonso Amafunsa Njira

Ku Chinsapo ndi ku Mgona nyumba zambiri zilibe manambala. Mlendo akafuna munthu amafunsa anansi, ndipo akafuna pokhala amayamba waonekera kwa amfumu. Paja safunsa anadya phula. Makina a intaneti nawonso amatsata mwambo womwewu, ndipo maganizo anga ndi akuti amisiri athu a m'makwalala aphunzitsidwe mwambowu m'chilankhulo chomwe amachimva bwino.

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa intaneti chimafunika keyala. Dongosolo lakale, lotchedwa IPv4, lili ndi makeyala pafupifupi 4.3 biliyoni okha. Bungwe la IANA lidagawa otsiriza pa 3 February 2011, ndipo la AFRINIC, lomwe limagawa makeyala muno mu Africa, lidakhwimitsa malamulo ogawira otsalawo mu 2017. N'chifukwa chake dziko likusamukira ku dongosolo latsopano la IPv6, lomwe makeyala ake ndi osawerengeka.

M'dongosolo latsopanoli muli njira yotchedwa Neighbor Discovery, yomwe malamulo ake adalembedwanso mu 2007. Tiyerekeze foni yomwe yangolumikizidwa pa wifi m'sitolo ina ku Kawale. Foniyo imatumiza uthenga wofunsa ngati pamalopo pali rauta, kachipangizo kotulutsira mauthenga kunja. Rauta imayankha podzitchula ndi kupereka chigawo choyamba cha keyala, monga momwe mfumu imauzira mlendo dzina la mudzi. Chigawo chotsalacho foni imadzipangira yokha. Isanayambe kugwiritsa ntchito keyalayo, imafunsa anansi ngati alipo wina amene ali nayo kale. Pakakhala zii, keyalayo ndi yake. Zonsezi zimatheka popanda munthu kulembapo nambala ngakhale imodzi.

Ubwino wake ndi woonekeratu, koma vuto lagona pa kukhulupirirana. Foni siitha kusiyanitsa rauta yeniyeni ndi yonama. Kompyuta ya wakuba yomwe ili pa wifi yomweyo ikhoza kudzitcha rauta, mauthenga a anthu n'kumadzera kwa iye. Atha kuona komwe akupita, kuwerenga osabisidwa, kapena kungowatsekereza. Akatswiri adakonza chitetezo chotchedwa SEND mu 2005, koma sichidafale. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi RA Guard, yomwe imaletsa zipangizo wamba kudzitcha rauta, komanso kutseka njira yoti makasitomala a wifi imodzi azilumikizana okhaokha.

Ena anena kuti izi n'za ku Ulaya, poti kuno IPv4 ikugwirabe ntchito. Koma mafoni ndi makompyuta ambiri amabwera IPv6 ili yoyatsa kale. Choncho ngakhale mwini wifi ku Biwi kapena ku Area 25 sadamvepo dzinali, zipangizo za makasitomala ake zimakhala tcheru kudikira rauta yoti iziyankhule. Khomo ndi lotsekula, mwini nyumba osadziwa.

Amene amaika marauta m'masitolo ndi m'masukulu a m'madera amenewa kawirikawiri ndi achinyamata ophunzira ntchito poonera anzawo. Mabuku ofotokoza zonsezi ali m'Chingerezi chovuta. Apa ndi pomwe ife ophunzira zilankhulo tili ndi gawo. Tikhale pansi ndi anzathu a sayansi ya kompyuta, tigwirizane mawu, tilembe timabuku tachidule m'Chichewa. Bungwe la MACRA ndi masukulu a ntchito zamanja atithandize kutifalitsa, kuti mmisiri wa ku Area 23 adziwe chomwe akutseka ndi chifukwa chake.