Za Kulowetsa Intaneti m'Nyumba pa Kompyuta ya Mitu Iwiri

Mwezi uno tikambe nkhani imene isautsa mabanja okhala ndi ana a ku sekondale ndi ku koleji. Mwana abwera ndi kompyuta, ndipo poiyatsa ifunsa kuti: tiyambe ndi Windows kapena ndi Ubuntu? Kompyuta yotere tiitcha ya mitu iwiri, pakuti muli mapulogalamu akulu awiri oiyendetsa, ndipo agwira ntchito mosinthana: wina akadzuka, mnzake agona. Windows ngwa Microsoft, amene analeka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ubuntu ngwaulere, ndi mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anautulutsa m'chaka cha 2004. Dzina lakelo ndi liwu lomwe lija ife titi umunthu.

Tsono vuto ndi ili: makolo agulitsa mbuzi kapena thonje kuti mwana apeze intaneti ya maphunziro, koma intanetiyo igwira ku mutu umodzi, ku mutu winawo ikana, kapena bando ya mwezi wathunthu itha masiku atatu. Mankhwala ake ngamodzi. Intaneti ikhale ngati chitsime cha pabwalo, Windows ndi Ubuntu akhale ngati mitsuko iwiri yokatunga komweko. Musakumbe chitsime m'kati mwa mtsuko.

Kunena kwake, musafulumire kugula kadongo kosomeka pa kompyuta, pakuti tina mwa timeneti tidza ndi pulogalamu ya Windows yokha, ndipo Ubuntu atizindikira movutikira. Gulani rauta, kapena kamnzake kakang'ono kokhala ndi batire kotchedwa MiFi. M'menemo mulowa simu ya TNM kapena ya Airtel, yolembetsedwa ndi chitupa cha unzika monga lamulo lifunira, ndipo rautayo imwaza Wi-Fi m'nyumba monse osafunsa kuti wotunga ndani. Musanagule, yesani ndi foni pakhomo panu pomwe kuti muone kampani imene ifika ndi mphamvu. Starlink, imene inayamba kugwira m'Malawi m'chaka cha 2023, itsata njira yomweyi, koma mtengo wake ngwolemera pa banja la kumudzi.

Choyamba, sankhani malo. Rauta ikhale pamwamba, pafupi ndi zenera, pamthunzi popita mphepo. Dzuwa la kuno kuchigwa liwononga batire, ndipo amene tinaona madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023 tidziwa kuti chinthu cha magetsi sichigona pansi. Inu a ku Marka ndi a m'mbali mwa Shire, tsekani roaming, kuti simu ingakagwire nsanja ya ku Mozambique nkudya ndalama mwakachetechete.

Chachiwiri, tembenuzani rautayo: kunsi kapena m'kati mwa chivundikiro mwalembedwa dzina la Wi-Fi, mawu achinsinsi, ndi keyala ya manambala yolowera m'makonzedwe ake. Sinthani mawu achinsinsiwo tsiku lomwelo, muwalembe m'buku losungika. Mukapanda kutero, ndiye kuti mwasiya nkhokwe yosatseka.

Chachitatu, phunzitsani mutu uliwonse paokha, pakuti chimene Windows wamva Ubuntu sachidziwa. Yatsani Windows, sankhani dzina la Wi-Fi, lembani mawu aja. Zimitsani, yatsani Ubuntu, chitani chimodzimodzi. Ngati Ubuntu saona Wi-Fi konse, musati kompyuta yafa ai: kawirikawiri kasowa kapulogalamu koyendetsa kachipangizo ka Wi-Fi. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB, mutsegule USB tethering, ndipo intaneti ya foniyo ikalowa, pitani pa Additional Drivers mukatenge chosowacho. Ndiponso mu Windows tsekani Fast Startup, chifukwa ikakhala yotsegula Windows sagona tulo tenitene, ndipo nthawi zina asiya zipangizo zili zomangika, mnzakeyo nalephera kuzigwiritsa ntchito.

Chachinai ndicho chisunga ndalama zanu. Mitu iwiri ndi pakamwa pawiri. Windows adzitengera yekha zokonzanso zake zolemera, Ubuntu nayenso afuna zake, ndipo zonsezo zichoka pa bando imodzi. Kotero m'makonzedwe a Wi-Fi, ku mbali zonse ziwiri, tsegulani pamene palembedwa Metered connection, kuuza kompyuta kuti madzi a chitsime ichi ngogula. Koma musaleke konse kutenga zokonzansozo, pakuti ndizo mpanda woletsa akuba. Zitengeni mwadala, pa tsiku limene banja lapatula bando yake.

Patsala kanthu kamodzi kodabwitsa. Mukachoka ku Ubuntu kupita ku Windows, mwina mudzapeza wotchi yabwerera m'mbuyo maola awiri. Si matsenga ai. Ubuntu asunga nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, Windows ayesa kuti ndi nthawi ya kwathu, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola 2. Uzani Windows kuti azikonza nthawi yekha pa intaneti, kuti mwana angachedwe kutumiza ntchito ya kusukulu.

Potsiriza tipempha makolo: musati izi nza ana okha. Simufunika kudziwa zonse za m'kati mwa kompyuta, koma mufunse kuti bando yagulidwa liti, yatsala yotani, ndipo mawu achinsinsi ali ndi yani. Nanunso ana, fotokozerani bambo ndi mai mwaulemu, pakuti thukuta logulira chitsimechi ndi lao. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha: chitani chimodzi chimodzi, ndipo mitsuko yonse iwiri idzadzaza.