Njira za m'mapiri athu zitseguke kwa eni dera

Kwa Mphuka, ku Thyolo, munthu sayenda pachidikha. Kaya ukupita kuchigayo, kaya kumaliro, kaya mayi akupita ndi mwana kusikelo, phazi limayamba ndi chitunda kapena kutsetsereka. Miyendo yathu inalimba kale, ndipo palibe amene angatiphunzitse kukwera phiri. Koma mumuuze munthu wakuno kuti Loweruka tikayende m'mapiri opanda katundu pamutu, opanda kumene tikuthamangira, adzakufunsani kuti kukatani. Kuyenda kwathu konse kwakhala kwa ntchito ndi kwa mavuto. Ine ndikuona kuti tikudzimana, ndipo tikumana ana athu, chinthu chimene anthu a kutali amalipira ndalama zambiri kuti adzachione pakhomo pathu pomwe.

Ku Switzerland kuli matauni ang'onoang'ono amene anamangidwa m'mphepete mwa nyanja za m'mapiri, monga Interlaken, umene uli pakati pa nyanja ya Thun ndi ya Brienz. Chimene chimandikopa kumeneko si mapiri ake, pakuti mapiri nafenso tili nawo. Chimandikopa ndi mmene anakonzera njira zapansi. Dziko laling'ono lija lili ndi makilomita oposa 60,000 a njira zoikidwa zizindikiro. Chikwangwani chachikasu chimakuuza kuti njira iyi ndi yosavuta, agogo ndi zidzukulu angathe kuyendamo, ndipo chimatchula nthawi imene utenge kuti ukafike. Zoyera ndi zofiira zimachenjeza kuti uku ndi kokwera, uvale nsapato zolimba. Mu 1985 anakhazikitsa lamulo loteteza njira zimenezi, ndipo malamulo awo amalola munthu aliyense kulowa m'nkhalango ndi m'mabusa ngakhale malowo ali ndi mwini. Mlimi amaweta ng'ombe zake, woyenda amadutsa n'kutseka chipata pambuyo pake.

Tsono taonani zimene tili nazo ife. Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo kuno ndi yofiira, yotakasuka, yokhotakhota motsatira mapiri, moti munthu amakwera osatopa msanga. M'mamawa nthawi ya mvula, mame ali mbuu pamasamba, othyola tiyi amakhala atalowa kale m'mizere, madengu kumsana, mapulasitiki atamanga m'chiuno kuti asanyowe. Manja awiri amagwira ntchito limodzi, kuthyola nsonga zanthete n'kuponya kumbuyo osacheuka. Chapatali kapitawo akudikira pasikelo. Mukatsikira kukhwawa mumapeza damu la esiteti, madzi ali zii, mitengo ya bulugamu ikuoneka mozondoka m'madzimo, kantchentche kakuuluka pamwamba, mbalame yodya nsomba itatera panthambi youma. Madamu amenewa anakumbidwa kuti azithirira mbewu ndi kuthandiza kufakitale, koma kukongola kwake sikusiyana kwenikweni ndi tinyanja ta m'mapiri timene timaona pa makalendala.

Esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, inazindikira kale zimenezi. Alendo amagona ku Huntingdon House, amalawa mitundu ya tiyi, kenako amayenda pansi kukwera cha kuphiri la Thyolo. Kuchokera pamwambapo, tsiku lopanda nkhungu, mbali ina mumaona chigwa cha Shire chitayalidwa pansi, mbali ina phiri la Mulanje litaima lokha ngati chilumba. Alendo ochokera ku Blantyre ndi ku Ulaya amabwerera kwawo atakhuta maso. Funso limene limandivutitsa ndi lakuti mwa ana amene makolo awo amathyola tiyi m'dera lonseli, ndi angati amene anaimapo pamalo otere n'kuona boma lawo lonse nthawi imodzi.

Nkhani yake si yapafupi, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mwana wa m'mudzi akapezeka mkati mwa esiteti iliyonse popanda chifukwa chodziwika, mlonda amayamba kuganiza za nkhuni, za mtedza wa makadamiya, za moto wolusa m'chilimwe. Mlondayo ndi mbale wathu yemwe, ndipo akuteteza ntchito yake. Eni minda nawonso anaberedwapo ndipo anaotcheredwapo mitengo. Koma kuseri kwa mantha amenewa kuli bala lakale la malo. Nthaka yabwino ya Thyolo ndi Mulanje inapita kwa atsamunda kalekale, anthu anapanikizana m'mapiri ndi m'makhwawa, mpaka boma linachita kusamutsa mabanja zikwi zambiri kupita ku Machinga ndi Mangochi pa pulogalamu ya Kudzigulira Malo imene inayamba mu 2004. Munthu amene alibe polima savutika kuona munda wa tiyi ngati mdani. Ndipo munthu amene saloledwa kuyenda pamalo sangawakonde malowo, ngakhale atabadwira pafupi nawo.

Njira yoyenda pansi siingathetse nkhani ya malo, ndipo asatinamize wina kuti ingathetse. Koma ndi chinthu chimene chingachitike chaka chino popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Mafumu, khonsolo ya Thyolo ndi eni maesiteti angathe kukhala pansi n'kugwirizana za njira zingapo zodziwika bwino, imodzi yozungulira damu, ina yokwera pachitunda choonera patali, ina yotsata mtsinje. Aike zikwangwani m'Chichewa ndi m'Chilomwe, atchule masiku ndi maola, alembe zoletsedwa momveka: moto ayi, nkhwangwa ayi, kusambira m'damu ayi. Woyenda m'njira yovomerezeka asafunsidwenso ngati wakuba.

Phiri la Thyolo lenilenilo ndi limene likufunika maso athu mwachangu. Akuluakulu amakumbukira nkhalango yowirira, yamdima ngakhale masana, mitsinje ikutuluka mbali zonse. Lero mbali yaikulu ya nkhalango ija inasanduka minda ya chimanga, ndipo chidutswa chimene chatsala bwino chili kumbali ya Satemwa. M'chidutswa chimenechi mumakhala kambalame kosowa kwambiri kotchedwa Thyolo alethe, kamene akatswiri anakapatsa dzina la phiri lathu. Kamakonda pansi pa nkhalango, kutsatira linthumbu likamayenda n'kumadya tizilombo tothawa. Anthu odziwa za mbalame amakwera ndege kudzakafuna. Ana a sukulu za kwa Mphuka ayenera kukadziwa kaye alendowo asanabwere, chifukwa nkhwangwa kapena mbande ya mawa ili m'manja mwawo. Tinaona mu Malichi 2023 zimene namondwe wa Freddy anachita m'mapiri a m'chigawo cha kummwera, matope ndi miyala zikutsika usiku pamwamba pa nyumba za anthu ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi.

Amene akufuna kuyamba ndi madzi enieni a m'phiri asapite kutali. Kwerani minibasi ya ku Mulanje, tsikani pa Chitakale, mutenge njinga yamoto kapena galimoto yolowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Kuchokera pa ofesi ya zankhalango, ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba ndi wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, wokwera koma wosaopsa. Mumamva mkokomo musanaone kanthu. Kenako mitengo imatseguka, madzi akugwa kuchokera pathanthwe kulowa m'dziwe lakuya lobiriwira, miyala yosalala itazungulira, mpweya wozizira ukukuwombani kumaso. Ikani phazi m'madzimo muone mmene amalumira. Kuzizira kumeneko ndi kuya kwa dziwelo zinatengapo miyoyo ya anthu, choncho wosadziwa kusambira akhale pamwala, ndipo mphunzitsi amene wabwera ndi ana asawachotsere diso. Mvula ikagwa pamwamba pa phiri mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pansi kuli dzuwa.

Pa Likhubula pomwepo pali anyamata olondolera njira ndi onyamula katundu, ndipo kuwalemba si kuwononga ndalama. Amadziwa nkhungu ikayamba kusonkhana, amadziwa mwala woterera. Njira ya ku Chambe imatenga maola atatu kapena anayi okwera kwambiri, ndipo Sapitwa, wa mamita 3,002, si wa tsiku loyamba. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera kumeneko atapitirira yekha popanda womulondolera. Phiri la Mulanje linalembedwa mu 2025 m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, ndipo limafuna kulifika mwaulemu.

Ku Zomba ndiko kuli chimene chimafanana kwambiri ndi nyanja ya pamwamba pa phiri. Damu la Mulunguzi, limene limapereka madzi ku mzinda wa Zomba, lili pakati pa mitengo ya paini, ndipo munthu angathe kuyenda m'mbali mwake mopanda phuma n'kupitirira ku mathithi a Williams kapena ku damu laling'ono la Chagwa. Amphamvu amafika pa Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie inaimapo mu 1965. Kumpoto, pa Nyika, kuli nyanja yachilengedwe ya Kaulime, koma kwa munthu wa ku Thyolo umenewo ndi ulendo wosungira ndalama.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, udzu usanapse ndi moto. Chiperoni chokha ndicho chimasokoneza, pakuti chikabwera chimaphimba zonse masiku angapo ndipo dothi lofiira limaterera, choncho juzi ndi pepala lapulasitiki zisasowe m'chikwama. Zina zonse tili nazo kale: botolo la madzi, nthochi, mbatata yootcha, chimanga chokazinga.

Ndikulankhula makamaka kwa inu aphunzitsi, ndi kwa atsogoleri a magulu a achinyamata m'mipingo. Simufunika basi kapena thandizo la bungwe kuti mutenge ana a Sitandade 7 kukwera chitunda chimene chili kuseri kwa sukulu yanu. Pemphani gogo mmodzi wa m'mudzi atsogole, azitchula mayina a mitengo, a mitsinje, malo amene panali kasupe amene anauma ndi chaka chimene anaumira. Mwa ana amenewo mudzatuluka olondolera alendo a mawa, ndipo ndalama ya mlendo idzayamba kutsala m'mudzi, kwa mayi wogulitsa mapeyala ndi mnyamata wa kabaza.

Kwa inu a Gogo Chalo ndi mafumu onse a kwa Mphuka, pempho langa ndi lakuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya dera. Musankhe njira imodzi yokha yoyambira, mutume anthu akalankhule ndi oyang'anira esiteti yoyandikana nayo, ndipo achinyamata ailambule mvula isanayambe.